Sikani ya m'chipinda chochirira: kodi ingaoneretu kuti mayi afunika opaleshoni?

Amayi ambiri sikani amaidziwira kusikelo: amakupakani mafuta ozizira pamimba, n'kukulozerani kamtima kakugunda pa sikirini. Imene tikambe pano ndi ina. Iyi imachitika matenda atayamba kale, makamaka pamene maola apita koma mwana sakutsika, ndipo mayi, mzamba ndi dokotala onse ali ndi funso limodzi mumtima: tidikirebe kapena tipite ku opaleshoni? Mafunso ali m'munsimu ndi amene amayi oyembekezera, amuna awo ndi ophunzira uzamba amafunsa kawirikawiri, ndipo ndawayankha monga mzamba.

Ikusiyana pati ndi sikani ya kusikelo?

Makina ndi omwewo, chosiyana ndi chimene tikufuna kudziwa. Kusikelo timafuna kudziwa kuti mimba ili ndi masabata angati, mwana ndi mmodzi kapena ndi mapasa, akukula bwino kapena ayi, nsengwa yakhala pati. Pochira mafunso ndi awiri basi: mutu wa mwana watsika kufika pati m'chiuno, ndipo wayang'ana kuti. Kubereka kukachedwa, chifukwa chake nthawi zambiri chimabisala m'mayankho a mafunso awiriwa.

Amajambula bwanji munthu ali mkati mwa zowawa?

Mayi amayamba wakodza, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimasokoneza chithunzi komanso chimatchinga mutu. Kenako amagona chagada, mutu ndi mapewa zili pamtsamiro, mawondo atapinda. Wojambula amayambira pamimba, pamwamba pang'ono pa fupa la pachinena, kufunafuna msana wa mwana, maso ake ndi mzere umene umagawa ubongo pakati. Akaona timabowo tiwiri ta maso titayang'ana kumwamba, kumimba kwa mayi, wadziwa kale kuti nkhongo ya mwana ili kumsana kwa mayi ake.

Gawo lachiwiri ndi limene amayi ambiri salidziwa. Kachipangizo kojambulira amakapaka mafuta, n'kukaveka gulovesi yoyera, n'kukatsamiritsa panja, pakhomo pa njira ya mwana. Sakalowetsa mkati. Pa sikirini pamaoneka fupa la pachinena ngati kadzira kotalikirapo, ndipo m'munsi mwake mumaoneka mzere woyera wokhota, womwe ndi chigaza cha mwana. Amaimitsa chithunzicho n'kuyeza. Zonsezi ndi za mphindi zochepa, ndipo wojambula wabwino amadikira chowawa chidutse asanayambe. Nthawi yotchima ikafika, angakupempheni kuti mutchime kamodzi kachipangizo kali pomwepo, kuti aone ngati mutu ukusuntha.

Azamba akhala akuyeza ndi zala kuyambira kale. Zala zalephera chiyani?

Funso ili limandikhudza, chifukwa zala ndizo chida changa choyamba, ndipo sindingalole wina azinyoze. Ndi zala zimene zimadziwa kuti khomo la chiberekero latseguka masentimita angati, ndi lofewa kapena lolimba, latupa kapena ayi, ndiponso ngati mchombo watsogola. Koma pa kumene mutu wayang'ana ndi pamene wafika, tiyenera kuvomereza kuti zala zimatinamiza kambirimbiri.

Chifukwa chake n'chakuti mutu wa mwana si mwala. Mafupa ake sanalumikizane, ndipo pamene akupanikizika m'chiuno amakwerana. Khungu la pamutu nalo limatupa. Mzamba amadziwa kumene mwana wayang'ana pogwira liwombo ndi mizere yolumikiza mafupa, koma mayi akakhala maola ambiri nsupa itasweka, zonsezo zimakwiririka ndi chotupa. Choopsa kwambiri n'chakuti chotupacho chimatsika msanga kuposa fupa. Chala chimagunda chinthu chofewa pafupi penipeni, iwe n'kunena kuti mwana wafika, pamene chigaza chenichenicho chidakali m'mwamba. Ndiye kuti pa nthawi imene tikufunitsitsa yankho loona, kubereka kutachedwa, m'pamenenso zala zimavutika kwambiri.

Izi zinayesedwapo. Ku France, pa kafukufuku wofalitsidwa mu 2005, madokotala anapatsidwa chidole chophunzirira chokhala ndi chiuno ndi mutu wa mwana woikidwa pamalo odziwika bwino. Pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse analakwitsa kunena ngati mutu uli m'mwamba, pakati kapena m'munsi, ndipo akatswiri akale pantchito sanapose ophunzira. Ku Ireland, pa kafukufuku wa mu 2014 wa amayi 514 a mimba yoyamba amene ana awo amafunika kukokedwa ndi chipangizo, oyeza ndi zala zokha analakwitsa kumene mutu wayang'ana pa amayi 20 mwa 100 alionse. Pamene anawonjezera sikani, zolakwikazo sizinafike 2 mwa 100. Sikani imaona fupa, sinyengedwa ndi chotupa.

Kwenikweni amayeza chiyani?

Miyezo ilipo ingapo, koma yodziwika kwambiri ndi iwiri.

Woyamba madokotala amautcha angle of progression. Pa chithunzi chija amalemba mzere wotsata kutalika kwa fupa la pachinena, kenako mzere wina wochokera kumapeto kwa fupalo kukakhudza m'mphepete mwa chigaza. Ngodya ya pakati pa mizere iwiriyi imakula pamene mutu ukutsika. Ikafika pafupifupi madigiri 116, mutu wafika pa timafupa tiwiri tosongoka ta m'kati mwa chiuno, pamene azamba amawerengera kuti ziro, kutanthauza kuti gawo lalikulu la mutu lalowa m'chiuno. Akafukufuku a ku Germany anasonyeza mu 2009 kuti pa amayi amene achedwa pa nthawi yotchima, ngodya ya madigiri 120 kapena kuposa imayenderana ndi mwayi waukulu wochira kudzera m'njira.

Wachiwiri ndi wosavuta kumvetsa. Amayeza mtunda wochokera pakhungu la panja, pamene pali kachipangizo, kukafika pa chigaza cha mwana. Uwu amautcha head-perineum distance, ndipo anaufotokoza koyamba ndi madokotala a ku Norway mu 2006. Mutu ukamatsika, mtundawo umachepa.

Palinso kuona kumene mutu waloza pamene mayi akutchima. Njira ya mwana ndi yokhota: mutu umayamba waloza pansi, kenako umazungulira pansi pa fupa la pachinena n'kuloza m'mwamba. Mutu umene wayamba kuloza m'mwamba wadutsa pokhota, ndipo nthawi zambiri zotsala n'zochepa.

Ndiye sikaniyo ingandiuze ngati ndipita ku opaleshoni kapena ayi?

Ingakuuzeni mwayi umene ulipo, osati chimene chidzachitike. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ndipo ndikufuna mayi aliyense akumve bwino.

Pa kafukufuku wa ku Stavanger m'dziko la Norway wa mu 2011, anajambula amayi 110 a mimba yoyamba amene khomo lawo limachedwa kutseguka. Mwa amene mtunda uja unali mamilimita 40 kapena kucheperapo, oposa 9 mwa 10 alionse anachira kudzera m'njira. Mwa amene unaposa mamilimita 50, anachira choncho anali pafupifupi 2 okha mwa 10. Manambalawa ndi amphamvu. Koma taonaninso mbali inayo: ngakhale m'gulu la mutu wotalikira, amayi ena anabereka okha, ndipo m'gulu la mutu wapafupi ena anapitabe ku opaleshoni. Amene anali pakati, pa mamilimita 40 mpaka 50, sikani sinawagamule mbali iliyonse.

Chinanso n'chakuti sikani imagwira bwino kwambiri polimbitsa mtima kuposa poopseza. Ikasonyeza kuti mutu watsika ndipo ukusuntha, tingadikire molimba mtima malinga mayi ndi mwana ali bwino. Ikasonyeza kuti mutu uli m'mwamba, yangotiuza mmene zinthu zilili pa ola limenelo. Chiberekero mwina sichikukoka mwamphamvu, ndipo mankhwala olimbitsa zowawa angasinthe zonse. Mayi mwina watopa, alibe madzi m'thupi, wagona malo amodzi nthawi yaitali. Nchifukwa chake chithunzi chimodzi sichiposa zithunzi ziwiri zotalikirana ola limodzi kapena awiri. Ngodya imene yachoka pa 100 kufika pa 115 ikunena kuti mwana ali paulendo. Imene yangoima pamodzi chiberekero chikukoka mwamphamvu ikunena kuti pali chimene chatsekereza.

Ndinaonapo mayi wa mimba yoyamba amene khomo lake linaima pa masentimita 7 kwa maola ambiri. Anali atafooka, akupempha yekha kuti amuchite opaleshoni zithe. Mtima wa mwana unali bwino. Dokotala atajambula, anatembenuzira sikirini kwa mayiyo, n'kumulozera ndi chala kuti ili ndi fupa lanu, uwu ndi mutu wa mwana wanu, taonani pamene wafika. Mayiyo anayang'anitsitsa, osalankhula, kenako anapempha madzi akumwa ndipo anati amudzutse ayendeyende. Anachira yekha usiku womwewo. Sikaniyo sinamuberekere mwana. Inangomubwezera mphamvu, chifukwa anaona ndi maso kuti zowawa zakezo sizinapite pachabe.

Andiuza kuti mwana wayang'ana kumwamba. Kodi basi ndi opaleshoni?

Ayi. Mwana amatuluka mosavuta nkhope itayang'ana kumsana kwa mayi, nkhongo ili kutsogolo, chibwano chitagunda pachifuwa. Akatero amatsogoza gawo lochepa la mutu, la masentimita pafupifupi 9.5. Akayang'ana kumimba kwa mayi, kawirikawiri chibwano chimadzuka ndipo gawo lotsogola limafika masentimita 11.5. Masentimita awiri m'chiuno ndi ambiri. Kubereka kumatalika, msana umawawa kwambiri, ndipo mwayi wa opaleshoni kapena kukokedwa ndi chipangizo umakula.

Komabe ana ambiri amene amayamba atayang'ana kumwamba amatembenuka okha pamene akutsika, ena mochedwa kwambiri khomo litatseguka kale. Amene amabadwa akadali choncho ndi pafupifupi 5 mwa ana 100 alionse obadwa, ndipo ena mwa iwo amabadwa bwinobwino m'njira. Kudziwa kumene wayang'ana kumathandiza mzamba kumvetsa chifukwa chake zinthu zikuchedwa, ndipo dokotala wodziwa angathe kumutembenuza ndi dzanja khomo likatseguka lonse.

Ngati ndi yolondola chotere, bwanji osangojambula mayi aliyense wobwera kudzachira?

Zinayesedwa, ndipo zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Ku France, pa kafukufuku wa mu 2015 wa amayi pafupifupi 1,900 amene kubereka kwawo kumayenda bwino, theka anangoyezedwa ndi zala, theka linalo anawonjezera sikani yoona kumene mutu wayang'ana. M'gulu lojambulidwa maopaleshoni anachuluka, pafupifupi 8 mwa 100 poyerekeza ndi 5 mwa 100 a gulu linalo, popanda phindu looneka kwa amayi kapena ana.

Kwa ine chifukwa chake n'chomveka. Dokotala akaona ndi maso kuti mwana wayang'ana kumwamba, mtima umayamba kuthamanga, chipiriro chimachepa, ndipo mwana amene akanatembenuka yekha pakapita ola limodzi samupatsa ola limenelo. Malangizo amene bungwe la akatswiri a sikani za amayi padziko lonse, la ISUOG, linatulutsa mu 2018 salimbikitsa kujambula aliyense. Amatchula nthawi zake: kubereka kukachedwa kapena kuima, pa gawo lotsegula khomo kapena lotchima, asanakoke mwana ndi chipangizo, ndiponso pamene akukayikira kuti mutu wakhala molakwika.

Tisaiwalenso kuti mawu akuti kuchedwa anasintha tanthauzo. Bungwe la WHO linanena mu 2018 kuti lamulo lakale lija lakuti khomo lizitseguka sentimita imodzi pa ola silikwanira mayi aliyense, ndipo lokha si chifukwa chochitira kanthu. Gawo lothamanga la kubereka limawerengedwa kuyambira pa masentimita 5. Mayi amene ali pa masentimita 3, mutu uli m'mwamba, sanachedwe, ndipo kumuyeza ngodya n'kumuopseza nayo n'kumulakwira.

Imathandiza bwanji posankha pakati pa vakyumu ndi opaleshoni?

Apa ndi pamene ndimaiona kuti ndi yamtengo wapatali. Khomo latseguka lonse, mayi watchima maola awiri kapena atatu, mphamvu zatha, mwina mtima wa mwana wayamba kutsika. Njira zilipo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi zoopsa zake. Opaleshoni ya nthawi imeneyi ndi yovuta kuposa ya poyamba, chifukwa mutu umakhala utalowa kwambiri m'chiuno ndipo dokotala ayenera kuubweza. Chiberekero chingang'ambike kupitirira pamene anacheka, magazi angatayike ambiri, chikhodzodzo chingavulale, ndipo mimba yotsatira ili ndi chiopsezo chokulirapo chobadwa masiku asanakwane. Kukoka ndi vakyumu, chipangizo chokhala ndi kapu yomamatira pamutu wa mwana, kumapewa zambiri mwa izi, ngati kwatheka. Koma kukoka n'kulephera, kenako n'kuthamangira ku opaleshoni, ndi kumene kumavulaza mwana kwambiri.

Ndiye dokotala afunika kudziwa zinthu ziwiri asanagwire chipangizo. Choyamba, kapu ya vakyumu ili ndi malo ake pamutu, pafupifupi masentimita 3 kutsogolo kwa liwombo laling'ono la kunkhongo. Ikakhala pamenepo imaweramitsa mutu, gawo lochepa n'kutsogola. Munthu amene walakwitsa kumene mwana wayang'ana adzaiika polakwika, ndipo idzamasuka kapena kuvulaza khungu. Chachiwiri, mutu watsikadi, kapena chatsika ndi chotupa? Ngodya yaikulu, mtunda wochepa, mutu woloza m'mwamba ndi wosuntha mayi akatchima, zonsezi zimalonjeza kuti kukoka kutheka. Zikakhala zokayikitsa, chanzeru ndi kukayesera m'chipinda cha opaleshoni, onse atakonzeka, kapena kupita ku opaleshoni osayesa n'komwe.

Kafukufuku wa ku Ireland uja ali ndi mbali ina imene sindiyenera kuibisa. Ngakhale sikani inachepetsa zolakwika, chiwerengero cha amayi ndi ana ovulala sichinasiyane m'magulu awiriwo. Kudziwa bwino kumene mutu uli ndi chiyambi chabe, luso la manja okoka likufunikabe.

Nanga sikani ikasonyeza kuti mwana ndi wamkulu?

Kulemera kwa mwana sikani imangoyerekeza, poyeza mutu, mimba ndi fupa la ntchafu. Ingaphonye ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo imaphonya kwambiri pa ana aakulu komanso mutu ukalowa m'chiuno. Mwana amene akuti ndi wa makilogalamu 4 angabadwe wa 3.5 kapena 4.5. Bungwe la madokotala a amayi la ku America, la ACOG, limati opaleshoni yokonzeratu chifukwa cha kukula kokha ingaganiziridwe mwana akayerekezedwa kufika makilogalamu 5, kapena 4.5 ngati mayi ali ndi matenda a shuga. Kupatula apo, chimene chimayeza bwino ngati mwana akwana m'chiuno ndi kubereka komweko.

Kodi imawawa? Singavulaze mwana?

Sikani imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, si cheza ngati cha X-ray. Yakhala ikugwiritsidwa ntchito pa amayi kuchokera pa ntchito ya Ian Donald ku Glasgow cha m'ma 1958, ndipo palibe umboni wakuti kujambula kwa mphindi zochepa kotere kumavulaza mwana. Mumamva kuzizira kwa mafuta ndi kudinikiza pang'ono. Amayi ambiri amati n'kopepuka kuposa kuyezedwa ndi zala, ndipo popeza palibe cholowa mkati, n'kothandiza kwa mayi amene nsupa inasweka kale, amene kuyezedwa pafupipafupi kungamulowetsere tizilombo.

Ndi zifukwa ziti za opaleshoni zimene miyezo imeneyi singaonere?

Zambiri ndithu. Mutu ungatsike bwinobwino koma mtima wa mwana n'kusonyeza kuti wabanika. Mchombo ungatsogole nsupa ikasweka. Nsengwa ingamatuke mwana asanabadwe, mayi n'kuyamba kutaya magazi. Chipsera cha opaleshoni yakale chingayambe kung'ambika. Magazi a mayi angakwere mpaka kukomoka. Izi zimagwidwa ndi mzamba amene ali pafupi, akumvera mtima wa mwana, akuyang'ana mtundu wa madzi, akugwira mimba, akumva zimene mayi akudandaula.

Pali zina zimene sikani wamba ya pamimba imaona msanga mayi akangofika: mwana amene watsogoza matako, amene wapingasa, mapasa amene sanadziwike, ndi nsengwa yotseka khomo la chiberekero. Mayi amene akutaya magazi sayenera kuyezedwa ndi zala mpaka zitadziwika kuti nsengwa ili pati.

Kodi njira imeneyi ichepetsa maopaleshoni?

Cholinga chake si kuchepetsa kapena kuchulukitsa, koma kuti opaleshoni igwere mayi woyenera pa nthawi yoyenera. WHO inanena mu 2021 kuti ana 21 mwa 100 alionse padziko amabadwa pa opaleshoni, ndipo chiwerengerochi chingafike 29 pofika 2030. Koma kugawika kwake n'kosalingana: nthawi imeneyo ku Latin America ndi Caribbean anali 43 mwa 100, pamene kumwera kwa chipululu cha Sahara anali 5 okha. Kwina amayi akuchekedwa popanda chifukwa chokwanira, kwina akuchedwa nayo mpaka chiberekero kuphulika kapena kutsala ndi fistula. Kumene maopaleshoni achuluka, chithunzi cha mutu wotsika chingalimbitse dokotala kudikira. Kumene mayi ayenera kuyenda mtunda kuti apeze opaleshoni, chithunzi cha mutu wosasuntha chingamutumize msanga, mwana akadali wamphamvu.

Kumene ndikachire kulibe makinawa. Ndide nkhawa?

Ayi. Ana ambiri padziko amabadwa bwino popanda sikani ya pochira. Mzamba amagwira pamimba kuona magawo angati mwa asanu a mutu adakali pamwamba pa chiuno, ndipo kuyeza kumeneku sikunyengedwa ndi chotupa. Amayeza njira pa maola 4 alionse, amamvera mtima wa mwana, amalemba zonse pa tchati. Masiku ano kuli timakina tam'manja tolumikiza ku foni, ndipo azamba amaphunzira kuyeza ngodya ndi mtunda uja msanga. Koma makina m'manja mwa munthu wosaphunzira bwino amapereka nambala yolakwika yooneka ngati yoona, ndipo imeneyo ndi yoopsa kuposa kusayeza.

Akafuna kundijambula, ndifunse chiyani? Ndingakane?

Mungakane, thupi ndi lanu, ndipo palibe woyenera kukuikani kachipangizo pamalo obisika asanakufotokozereni ndi kumva kuvomera kwanu. Pemphani chofunda ndi katani ngati mukuona kuti mwaonekera. Mukavomera, funsani kuti akufuna kuona chiyani, ndipo yankho lake lisintha chiyani pa zimene akukonza. Pemphani akuonetseni fupa lanu ndi mutu wa mwana pa sikirini. Akanena kuti mutu uli m'mwamba, funsani mmene mtima wa mwana ulili, ngati pali nthawi yodikira, zimene mungachite pa nthawiyo monga kudzuka, kusintha kagonedwe kapena kukodza, ndiponso ola limene adzayezenso. Akanena kuti opaleshoni ikufunika tsopano, funsani chifukwa chake m'mawu amodzi. Ngati zowawa zakulandani mawu, amene wakuperekezani afunse m'malo mwanu, ndipo ndi bwino mugwirizane naye zimenezi matenda asanayambe.